Kafufuzidwe ka ngozi pamalo ogwirira makemiko

Kuno ku Mchinji tikamva za fakitale ya makemiko timaganiza za ku Kanengo basi, koma amene mukupanga sopo ndi caustic soda, amene muli ndi nyumba yosungira feteleza, amene mumaika mapilitsi a aluminium phosphide m'matumba a chimanga, nonsenu mukugwira makemiko ndithu ndipo njira imene mafakitale akuluakulu amafufuzira ngozi ikukwanani.

Yambani ndi kulemba mankhwala onse amene ali pamalopo, ngakhale kachigubu koiwalika kuseli kwa chitseko. Wogulitsa akupatseni pepala la SDS (lofotokoza kuopsa kwa mankhwala ndi kagwiridwe kake) la mankhwala aliwonse, limakhala ndi magawo 16 koma inu thamangirani gawo 7 la kasungidwe ndi gawo 10 lonena zinthu zimene mankhwalawo sagwirizana nazo. Mmenemo mudzaona kuti HTH, chlorine wa ufa uja wothira m'madzi, ikakhudzana ndi dizilo kapena oyilo imatha kuyaka yokha, Jik akasakanikirana ndi asidi amatulutsa mpweya wa chlorine umene umalemera kuposa mpweya wamba ndiye umakhazikika pansi, ndipo mapilitsi aja akangomva chinyontho amatulutsa phosphine, mpweya wakupha. Kugona m'nyumba momwe mwathira mapilitsi amenewa ayi ndithu.

Kenako ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Kampani ya ICI ku Britain inayambitsa njira yofufuzira ngozi yotchedwa HAZOP m'ma 1960, dzina lisakuopseni. Jambulani papepala mmene ntchito imayendera kuchokera pothira mpaka potulutsa, muidule zigawozigawo, muitane amene amagwira ntchitoyo ndi manja awo osati bwana ndi folomani okha, chifukwa mnyamata wa shifiti ya usiku ndi amene amadziwa paipi imene imadontha. Pa chigawo chilichonse funsani: nanga chinthu chikapanda kubwera? Chikachuluka? Chikachepa? Chikabwerera mmbuyo? Kukalowa china chosayenera?

Tiyeseze pa thanki yosungunuliramo caustic. Madzi akachepa kutentha kumakwera kwambiri. Wina akasintha ndondomeko nkuthira madzi pa caustic m'malo mothira caustic pang'onopang'ono m'madzi, zimawira nkuthovukira kumaso. Magetsi akazima chotakasira chikaima, caustic amaunjikana pansi ndiye akabwera magetsi zonse zimasakanikirana kamodzi. Ndipo wina akabweretsa poto wa aluminiyamu poti ndowa yapulasitiki yasweka, caustic amadya potoyo nkutulutsa hydrogen amene sachedwa kugwira moto. Funso la kulowa chosayenera lija ndimaliopa kuposa onse, ku Bhopal ku India mu December 1984 madzi analowa mu thanki ya mankhwala a poizoni otchedwa methyl isocyanate pa fakitale ya Union Carbide, mpweya unafalikira m'makomo usiku anthu masauzande anafa.

Mukapeza ngozi zambiri musasokonezeke, chilichonse chipatseni manambala awiri kuyambira 1 mpaka 5, imodzi ya kuthekera koti chichitike ina ya kukula kwa chiwonongeko, muchulukitse, zokwera muyambe nazo. Koma ine ndimati chilichonse chimene chingaphe munthu chikhale pamwamba ngakhale anthu akuti sichinachitikepo. Matani 2,750 a ammonium nitrate, mankhwala opangira feteleza, anakhala zaka pa doko la Beirut ku Lebanon popanda kanthu, pa 4 August 2020 anaphulika nkupha anthu oposa 200.

Pothana nazo musathamangire kugula magolovesi ndi masiki, zimenezo ndi zomalizira. Funsani kaye ngati mankhwalawo mungawasiye, ngati ayi sungani ochepa, osagwirizana muwalekanitse ndi khoma, tsegulani mawindo mpweya uzidutsa, ikani madzi oyera ambiri pafupi otsukira m'maso. Chochita chilichonse chikhale ndi dzina la munthu ndi tsiku lomaliza, apo ayi pepalalo lingogona mu drowa.

Ndipo mukasintha kanthu, kaya pampu, kaya wogulitsa mankhwala, kaya mwalumikiza paipi yongogwirizira, khalaninso pansi mufunse mafunso aja musanayatse. Ku Flixborough ku England mu 1974 paipi yongoyembekezera imene anaika popanda kuiunika bwino inaphulika, anthu 28 anafa. Zogwirizira zotere muzilemba m'kabuku ndi tsiku lodzazichotsa, ndipo wa shifiti yotsatira auzidwe asanagwire chilichonse.