Kamera ya foni imawerenga kuwala: yesani kaye musanawononge ndalama

Tengani rimoti ya TV, muilozetse ku kamera ya foni, mudine batani lililonse. Pa sikirini muona kakuwala kofiirira kakuphethira, pomwe ndi maso simukuona kanthu. Kamera yakumbuyo ikakana, yesani yakutsogolo, chifukwa mafoni ena ali ndi sefa yotchinga infrared, kuwala kosaoneka ndi maso komwe rimoti imatulutsa. Achinyamata a m'makalabu ku Thondwe ndi ku Songani ndimawayambitsira pomwepa, ndipo ena amapezerapo mwayi wodziwa ngati mabatire a rimoti kunyumba atha.

Njira yotumizira uthenga ku kamera kudzera m'kuwala kophethira akatswiri amaitcha Optical Camera Communication, ndipo bungwe la akatswiri a zamagetsi la IEEE linaiika mu muyezo wake wa 802.15.7 mu 2018. Kababu ka LED kamayaka n'kuzima mothamanga kwambiri. Makamera ambiri a mafoni sajambula chithunzi chonse kamodzi, amatenga mzere ndi mzere, ndiye kuphethira kuja kumatuluka ngati mizere ya mbidzi, yakuda ndi yoyera. Pulogalamu ya m'foni imawerenga mizereyo n'kupeza manambala. Kababuko n'kakang'ono ndipo sikadya batire kwambiri, motero mukhoza kukamangirira pa mkono wa munthu kapena pa khosi la ng'ombe ya mkaka, kazitumiza nambala yake ndi kutentha kwa thupi.

Koma kuwala sikudutsa khoma monga momwe Bluetooth imadutsira. Malaya akaphimba kababu, uthenga wathera pomwepo. Ng'ombe ikatembenuka, chimodzimodzi. Choncho ikani mababu awiri, mbali iyi ndi inayo, ndipo kamera ikhale pamalo pomwe chiweto chimaima ndithu, monga pokamira mkaka.

Dzuwa la masana limaphimba kababu, ndiye yesani pamthunzi kapena m'khola lofolera. Mu Okutobala fumbi limadzaza pa galasi la kamera. Pukutani ndi kansalu kofewa m'mawa uliwonse. Nkhungu ikatsika m'phiri la Zomba nyengo ya chiperoni, fupikitsani mtunda wa pakati pa kababu ndi kamera. Usiku samalani ndi mababu ena a magetsi a ESCOM: magetsi athu ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo babu lotchipa limaphethira n'kuika mizere yakeyake pa chithunzi.

Musayembekeze kutumiza mavidiyo ayi, njirayi ndi ya manambala ochepa. Yambani ndi mita imodzi, lembani m'kope zomwe zatuluka, kenaka muziwonjezera mtunda pang'onopang'ono mpaka pomwe mizere yasiya kuoneka.