Pedulo ya buleki ikumira mpaka pansi? Umu ndi mmene mungapezere vuto n'kulikonza

Yanga inayamba mochenjera. Ndikaima pamaloboti phazi lili pa buleki, pedulo inkatsika pang'onopang'ono ngati ndaponda m'matope, mpaka kukagunda pansi. Koma ndikaiponda mwamphamvu kamodzi, inkagwira bwinobwino. Galimoto ikafika pamenepa isachoke pakhomo, ngakhale popita kukagula sipeya.

Yambani n'kutsegula boneti muone kabotolo ka mafuta a buleki. Ngati atsika kupitirira mzere wa MIN, penapake pakudontha. Tengani tochi musuzumire kuseri kwa matayala onse anayi. Kukakhala konyowa, caliper (chopanira mapadi a buleki pa disiki) kapena silinda ya m'dramu yatopa. Tsatirani mapaipi achitsulo kunsi kwa galimoto, makamaka pomwe padya dzimbiri, ndi mahozi a rabala omwe amang'aluka akakalamba. Malo amene ambiri amawaiwala ndi pomwe master cylinder (pampu ya buleki yomwe ili pansi pa kabotolo kaja) imamangidwa pa booster (chibokosi chozungulira chowonjezera mphamvu ya phazi). Penti ikakhala yosupuka pamenepo, mafuta akuthawira kumbuyo, ndipo nthawi zina amalowa m'booster momwemo, pansi osaoneka dontho ngakhale limodzi.

Nanga mafuta akakhala odzaza? Lizani injini, pondani pedulo mopepuka, phazi likhale pompo masekondi 30. Ikamatsikabe, ndi masilo a m'kati mwa master cylinder. Pisitoni ikamakankha, mafuta amazembera m'mbali mwa rabala yothayo n'kubwerera kumbuyo m'malo mopita ku matayala. Mukaponda mwamphamvu rabalayo imatambasuka n'kutseka, n'chifukwa chake vutoli limapusitsa anthu. Mpweya ukalowa m'mapaipi zimasiyana: pedulo imakhala yofewa ngati siponji, ndipo mukaipopa katatu imalimba. Palinso china. Ngati pedulo inamira mutatsika phiri lalitali kenako n'kubwerera galimoto itazizira, mafuta anawira. Mafutawa amayamwa chinyezi. Mafuta atsopano a mtundu wa DOT 4 sawira asanafike madigiri 230 a Celsius, koma akamwa madzi amatha kuwira pa 155, DOT 3 pa 140. N'chifukwa chake amafunika kusinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse.

Kwa ine inali master cylinder. Masilo okha ndi otsika mtengo kuposa yonse, koma ngati m'kati mwa silinda muli mikwingwirima kapena dzimbiri, mungotaya ndalama. Gulani yatsopano. Ndipo chenjerani ndi ogulitsa ena: wina anandionetsa yopakidwa penti, yonyezimira ndithu, koma m'mabowo munali mafuta akale akuda bii. Mafutanso gulani a botolo lomata, mtundu womwe walembedwa pa chivindikiro. DOT 5 ndi wa silicone, sasakanizidwa ndi DOT 3 kapena DOT 4.

Kumasula sikuvuta. Yamwani mafuta akale ndi sirinji, chotsani waya wa sensa, masulani mapaipi, kenako manati awiri omwe amaimanga pa booster. Pa mapaipi gwiritsani sipanala yake yeniyeni, ija yogwira nati pafupifupi mbali zonse. Sipanala wamba imadya makona, mukatero mwadziyambira ntchito ina. Yalani nsanza pansi pake chifukwa mafutawa amadya penti. Akadonthera, tsukani ndi madzi nthawi yomweyo.

Tsopano apa ndi pomwe ndinagwa nayo. Ndinatenga master cylinder yatsopano youma choncho n'kungoimanga, ndikuti mpweya ndikautulutsira ku matayala. Tinabulida (kutulutsa mpweyawo) Loweruka lonse, mng'ono wanga akupopa mpaka mwendo kuchita dzanzi, mabotolo awiri a mafuta n'kutha. Pedulo yofewabe. Ndinayamba kutukwana amene anandigulitsa pomwe wolakwa ndinali ine. Pa magalimoto ambiri master cylinder imakhala yopendekeka pang'ono, ndiye mpweya umakabisala kumapeto kokwera komwe mafuta saukankha. Mungapope mpaka mawa, sutuluka.

Choncho ibulideni isanakwere pa galimoto. Imangeni pa vaisi itagona mowongoka, ndipo vaisiyo igwire khutu la mabawuti, osati thupi la silinda, mungaliphwanye. Lumikizani timapaipi tiwiri tapulasitiki pa mabowo otulukira mafuta, mutipinde tibwerere m'kabotolo, nsonga zake zimire m'mafuta. Thirani mafuta. Kankhani pisitoni ndi kamtengo kosasongoka, pang'onopang'ono, masentimita awiri okha, n'kuisiya ibwerere yokha. Dikirani masekondi 15 musanakankhenso. Kudikiraku n'kofunika, mukapupuluma mumangoswa mpweya kukhala thovu losaoneka bwino. Poyamba mudzaona mathovu akuluakulu, kenako ting'onoting'ono. Musasiyire pa ting'onoting'onoto. Gogodani thupi la silinda ndi chogwirira cha sikuludiraiva, mudzadabwa kuona ena akutulukabe. Mukakankha kangapo popanda kathovu ngakhale kamodzi, ndipo pisitoni yayamba kulimba, mwamaliza. Ine zinanditengera mphindi 20, ntchito yomwe ndinaithawa n'kutaya tsiku lathunthu.

Imangeni pa galimoto timapaipi tija tili pomwepo, muzichotsa kamodzikamodzi mukulowetsa paipi yachitsulo. Nati yambani ndi zala kuti mazinga asapingasane.

Kwatsala kubulida ku matayala. Kawirikawiri timayambira tayala lakutali kwambiri ndi master cylinder n'kumayandikira, koma ngati buku la galimoto yanu likunena zina, tsatirani bukulo. Mnzanu apope katatu n'kugwira, inu mutsegule kanipo (kabawuti kotulutsira mpweya kuseri kwa tayala), mutseke, iye asiye. Muzibwereza mpaka mafuta atuluke oyera. Kabotolo kasaume, kakauma mwayambiranso. Kwa amene mukungotulutsa mpweya pa master cylinder yakale, ikani kathabwa pansi pa pedulo kuti isafike pansi penipeni, apo ayi masilo akakhula pa dzimbiri lomwe sanafikepo n'kale lonse n'kung'ambika.

Ikakhalabe yofewa, onani ngati kanipo ka caliper kali m'mwamba (ena amasinthanitsa yakumanja ndi yakumanzere) komanso ngati mabuleki a m'dramu akokedwa bwino. Mpweya ukalowa mu ABS (makina oletsa matayala kukhwekhwereka pomanga buleki), magalimoto ena amafuna kompyuta ya makaniko, pamenepo musalimbane nazo. Yeserani pabwalo pa liwiro la munthu woyenda pansi, dzanja lili pa handibuleki, ndipo m'mawa mwake muonenso mlingo wa mafuta ndi kuseri kwa matayala.