Mmene mungakonzere malo osewerera ana m'dera lanu ku Salima

Ana ambiri kuno akumasewerera m'mbali mwa M5 momwe mumadutsa mathiraki, pomwe kabwalo kawo titha kukonza tokha ndi matayala akutha basi. Poyamba kaonaneni ndi amfumu, musangofika n'kuyamba kukumba, malo ali ndi eni ake.

Akalola, sankhani pamthunzi, pansi pa mango kapena nimu. Dzuwa la mu Okutobala kuno mukulidziwa, silayidi yachitsulo ikakhala padzuwa imaotcha ngati chiwaya cha tchipisi, ndiye zachitsulo zisiyeni. Malowo mukawaonenso mvula itangogwa kumene, chifukwa Salima ndi yachidikha ndipo pena madzi amadikha sabata yonse, pamenepo ayi.

Matayala kapempheni kwa anyamata omata matayala pa Kamuzu Road, ena amangopereka ena amafuna ya fanta. Lililonse mulipapase ndi dzanja, lotuluka mawaya libwezeni. Ndiye chofunika kwambiri, lomwe mukufuna kuligoneka kapena kulipachika libooleni mabowo pansi kuti madzi azituluka, apo ayi mwaweta udzudzu pakati pa ana ndipo malungo a kunyanja kuno simasewera. Enawo akwirireni theka moimika, motsatana, ana azidumphapo.

Katungwe amafuna bulugamu wouma wonenepa, dzenje lifike m'chiuno ndipo mutsendere ndi miyala. Chiswe ndiye mdani, pakani oilo wakutha mbali yolowa m'dothi yokha, osati pogwira ana. Chingwe cha nayiloni mupeza kwa asodzi ku Senga Bay, koma chimafumbutuka ndi dzuwa, muzichikoka mwamphamvu mwezi ndi mwezi, wamkulu ayambe wakwerapo. Pansi pake thirani mchenga wambiri, ngolo ziwiri kaya zitatu, simenti musayerekeze, mwana akagwa ndi mutu mudzalira nokha.

Musadzaze paliponse ndi matayala, siyani pena poyera, atsikana amafuna pa phada, jingo ndi fulaye ndipo anyamata sangasiye mpira wawo wachikulunga.

Pozungulira mangani mpanda wa bango kapena tsekera kuti mbuzi ndi akabaza asamadutse pakati, khomo liloze kunyumba osati kumsewu. Nkhadze musadzale ngakhale imagwira msanga, utomoni wake ukalowa m'maso mwa mwana ndi nkhani ya kuchipatala. Nthawi ya dzinja muzilambula udzu chifukwa cha njoka, mugawane mabanja Loweruka lililonse, otolera mabotolo osweka akhale omwewo.