Kapangidwe ka tiyi wobiriwira kuti asawawe komanso apindulitse thupi

Tiyi wobiriwira ndi tiyi wakuda amachokera ku chitsamba chimodzi, chomwe chimalimidwa ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Kawalazi m'boma la Nkhata Bay. Kusiyana kwake n'kwakuti masamba a wobiriwira amawatenthetsa ndi nthunzi kapena pachiwaya akangothyoledwa, kuti asade. Motero amasunga michere yotchedwa catechins, yomwe imathandiza kutsitsako pang'ono mafuta oipa a m'magazi ndi BP mwa anthu omwa tsiku ndi tsiku. Mawu akuti "pang'ono" musawaiwale: tiyiyu salowa m'malo mwa mankhwala a BP kapena a shuga, ndipo sasungunula mimba monga ena amanenera.

Ambiri amalakwitsa pa madzi. Tinazolowera kuwiritsa masamba mupoto mpaka tiyi ade, koma wobiriwira ukamutero amawawa kwambiri, kenako munthu amathira masipuni atatu a shuga, phindu lonse n'kuthera pomwepo. Madzi akhale otentha madigiri 70 mpaka 80. Popanda choyezera, phulani ketulo ikawira, ivundukuleni, mudikire mphindi zisanu. Ngati mukufulumira, sakanizani magawo anayi a madzi owira ndi gawo limodzi la madzi ozizira akumwa. Mu Juni ndi Julaye, Mzuzu akazizira ndi chifunga chake chija, yambani mwatsuka kapu ndi madzi otentha, apo ayi tiyi azizira asanakolere.

Pa kapu ya 250 ml thirani sipuni yaing'ono imodzi ya masamba, pafupifupi magalamu awiri, kapena tibagi imodzi. Vundikirani ndi kambale, mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako sefani. Tibagi musayifinye. Tiyi wabwino amaoneka wachikasu chotuwira. Akafiirira ndiye kuti madzi anatentha kwambiri kapena masamba anakhalitsa. Masamba omwewo mutha kuthiranso madzi kachiwiri. Madontho a ndimu amamukometsa bwino kuposa shuga. Mufulasiki musamusunge tsiku lonse, amasintha mtundu n'kuyamba kuwawa.

Makapu awiri kapena atatu patsiku ndi okwanira. Kapu imodzi imakhala ndi kafeini pafupifupi 30 mg, wochepa poyerekeza ndi wa khofi, komabe ena amawasowetsa tulo akamwa madzulo. Kumwa m'mimba mulibe kanthu kumachititsa nseru anthu ena.

Nkhani yofunika kwambiri ndi ya magazi. Tiyi amalepheretsa thupi kuyamwa bwino ayironi (mchere wothandiza kupanga magazi) wa mu nyemba, bonongwe, chisoso ndi masamba ena. Mukadya nsima kapena kondowole, padutse ola limodzi musanamwe. Amayi oyembekezera amene alandira mapiritsi owonjezera magazi kusikelo asamwere tiyi mapiritsiwo, amwere madzi, ndipo kafeini yense wa patsiku asapitirire 200 mg, kuphatikiza wa khofi ndi zakumwa za kola. Omwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ayambe afunsa dokotala. Makapisozi a tiyi wobiriwira ogulitsidwa ngati ochepetsa thupi ndi nkhani ina: ndi amphamvu kwambiri, ndipo ena anawonongeka nawo chiwindi.

Chinyezi cha nyengo yamvula kuno chimawononga masamba msanga. Asungeni m'chitini chotseka bwino, kutali ndi mbaula, dzuwa ndi usipa, chifukwa amakoka fungo la chilichonse chili pafupi.