Kusankha matiresi m'sitolo yaikulu

Mwalowa m'sitolo ku Manda Hill kapena East Park mu Lusaka, matiresi ali mbwee. Musankhe ati?

Musanachoke pakhomo, yezani bedi ndi tepi. Ya munthu mmodzi imakhala masentimita 91 m'lifupi, double 137, queen 152.

M'sitolomo musangodina ndi dzanja. Vulani nsapato, mugonepo mphindi 10 mmene mumagonera kwanu. Manyazi a chiyani, ndalama ndi zanu. Ogona chammbali amafunika ofewerako kuti phewa ndi chiuno zilowe pang'ono, apo ayi mkono umachita dzanzi usiku. Ngati mumagona chagada, lowetsani dzanja kunsi kwa msana: likalowa mosavuta, matiresiwo ndi olimba kwambiri, likakanika, ndiye kuti mwamiramo. Ogona chafufumimba atenge olimba.

Pa a siponji funsani density (kulemera kwa siponjiyo poyerekeza ndi kukula kwake), kukhuthala kokha kumanamiza. Siponji yopepuka imakumbika pakati msanga, makamaka kwa munthu wathupi kapena mukamagona awiri. Memory foam, siponji ija imatsatira maumbidwe a thupi mukagonapo, imasunga kutentha, ndiye kumbukirani mmene Lusaka imakhalira mu Okutobala.

Funsaninso za waranti, lisiti musunge bwino. Mukafika kunyumba chotsani pulasitiki ija, chifukwa imatsekera chinyezi ndipo matiresi amachita chuku.