Momwe mungapangire khadi la mafuno abwino ndi pepala la makungwa ngati la ku Nepal

M'mapiri a Himalaya ku Nepal mumamera chitsamba chotchedwa lokta. Luzi lake limatulutsa pepala lolimba lomwe njenjete sizilidya, n'chifukwa chake boma la dzikolo lakhala likulembapo zikalata zofunika kusungidwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, bungwe la UNICEF linathandiza alimi a m'mapiri kudzutsa lusoli, ndipo mapepala awo ankapita ku mzinda wa Bhaktapur, m'dziko lomwelo, kukasanduka makhadi. Ngati lokta simungamupeze, makungwa a mabulosi amagwiranso ntchito.

Yambani ndi kudula, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse. Musazule. Dulani tsinde lokhwima masentimita pafupifupi 30 kuchokera pansi, kuti chitsa chiphukenso. Lokta amatenga zaka 5 mpaka 7 kuti akhwimenso, choncho mudzi wanzeru umagawa nkhalango m'zigawo n'kumakolola mosinthasintha. Wodula paliponse chaka chino ndiye amene amatseketsa ntchito ya mudzi wonse zaka zikubwerazo.

Sendani makungwa, palani khungu lakuda lakunja, mutsale ndi luzi loyera. Liviikeni m'madzi usiku wonse, kenako muliphike maola angapo mu chidulo. Ena amathira soda wowotcha chifukwa ndi wachangu, koma madzi ake akatayidwa mumtsinje amavutitsa okhala kumunsi. Ine ndimasankha phulusa. Luzi likamathetheka ndi zala, lapsa. Litsukeni bwinobwino, muliike pamwala wosalala, mulipunthe ndi nyundo yamtengo mpaka likhale ngati phala.

Tsopano tengani felemu yamatabwa yomwe mwakungapo nsalu yopyapyala, muiyandamitse pamadzi odikha. Tungani phala lija ndi chikho, muthire m'felemumo, muvundule ndi zala kuti luzi limwazike ngodya zonse. Musafulumire kunyamula. Yang'anani kaye ngati palibe pomwe nsalu ikuonekera, chifukwa pamenepo padzakhala bowo. Ngati mukufuna maluwa ouma kapena timasamba tilowe m'pepalamo, tiikeni pano, muthirepo phala pang'ono pamwamba. Kwezani felemu mowongoka, madzi akhe, muitsamiritse pa dzuwa. Pepala likauma limayamba lokha kutukuka m'mphepete. Yambirani pomwepo kulimatula, pang'onopang'ono.

Lidindeni ndi chinthu cholemera kuti liwongoke, mulidule, mulembe mzere pakati pake pogwiritsa ntchito kumsana kwa mpeni musanapinde, kuti lisasweke. Zotsalira musataye, zibwerere m'phala kapena zikhale envulopu.

Poika mtengo, werengerani wodula amene anakwera phiri, nkhuni zophikira ndi masiku amvula omwe pepala silinaume. Malamulo a World Fair Trade Organization, bungwe lolimbikitsa malonda achilungamo padziko lonse, amafuna malipiro oyenera, komanso amaletsa kugwiritsa ana ntchito yowadyera masuku pamutu. Lembani kuseri kwa khadi dzina la gulu lomwe lapanga pepalalo ndi mudzi wake, kuti wogula adziwe kumene ndalama yake ikupita.