Lekani kusuntha mafayilo a mapulojekiti ang'onoang'ono

Chiyambireni mvula mu Novembala ndayendera maofesi angapo a ntchito zachitukuko kuno ku Zomba omwe amagwiritsa ntchito Microsoft Project, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera ndondomeko ya ntchito za pulojekiti, ndipo cholakwa chomwe ndikuchipeza ndi chimodzimodzi. Anthu akumanga bwino pulojekiti yaikulu, imene pulogalamuyi imaitcha master project, n'kulowetsamo mapulojekiti ang'onoang'ono, koma pakatha sabata ziwiri aliyense watengera fayilo yake pa fulashi kuti akaigwirire kunyumba.

Pulojekiti yaikulu siisunga yokha ntchito za mapulojekiti omwe ali pansi pake, koma imangoloza pamalo pomwe fayilo iliyonse ikukhala. Mukaisuntha fayiloyo kapena kuisintha dzina, kulumikizana kuja kumaduka, ndipo zimenezi n'zabwinoko chifukwa pulogalamuyo imakuuzani kuti fayilo yasowa. Choopsa ndi kukopera, popeza woyang'anira mijigo amasintha masiku pa laputopu yake pomwe pulojekiti yaikulu ikuwerengabe fayilo yakale, ndiye bwana akamatsegula Lolemba m'mawa amaona zonse zili m'malo mwake chonsecho ntchito inachedwa kalekale. Masiku a ntchito zonse zodalira ntchito yochedwayo amakhala abodza, lipoti lopita kwa opereka ndalama nalonso labodza. Chizolowezi chotumizirana mafayilo pa WhatsApp, ena n'kumawatcha "yomaliza", "yomaliza yeniyeni", chandikwana ndithu.

Mlimi wina wa m'dera la Jali, yemwe gulu lake likudikira ngalande ya mthirira, anandiimitsa pamsewu n'kunena kuti, "Alangizi, tinakumba ngalande, tinatuta mchenga pamutu, koma lole ya simenti sinabwere mpaka msewu unasanduka phala." Nditafufuza ndinapeza kuti lole yomweyo inalembedwanso tsiku lomwelo pa ntchito ina ya ku Chingale, chifukwa fayilo iliyonse inali ndi mndandanda wakewake wa anthu ndi zipangizo. Tsopano mchenga uja wakokoloka.

Sungani mafayilo onse mu foda imodzi pa seva ya ofesi, ndipo polowetsa pulojekiti yaing'ono onetsetsani kuti kabokosi ka Link to project, komwe kamailumikiza ku fayilo yake, kachongedwa. Lole, amisiri ndi makina zikhale mu fayilo imodzi, yotchedwa resource pool, yomwe mapulojekiti onse azitengamo. Omwe muli pa Project Server, pulogalamu yosungira mapulojekiti onse pa seva, mukamaliza kusintha chitani publish (kuonetsa anzanu zomwe mwasintha) ndi check in (kubweza fayilo kuti ena athe kuisintha) musanatseke kompyuta, kuti mnzanu athe kuitsegula m'mawa.